Nyumba ya Pansi pa Mbale

Lachiwiri m'mawa amake mapasa anatulutsa ziwiya zonse m'kabati ya kukhitchini. Mphemvu zinali zitayamba kudziyesa eni nyumba, ndipo iwo anatsimikiza kuti tsiku limenelo achotsa mapepala akale amene anayala m'mashelefu, apukuta ndi madzi otentha, n'kuyalamo atsopano. Mbale anazisanja patebulo, makapu pampando, mapoto pansi. Ankaimba chapansipansi, monga ankachitira akakhala okha. Pagulu anali munthu wosayankhulayankhula. Ngakhale kutchalitchi, pemphero lawo ankalimva ndi yekhayo amene wagwada pafupi nawo.

Akunyamula chitini cha shuga, geti linagunda kukhoma. Analowa mlamu wawo, mchemwali wa amuna awo, amene ankagulitsa nsapato mumsika. Anali wefuwefu, mpango uli m'manja.

"Alamu! Inu mwatanganidwa ndi kusisita mbale, kunja dziko likupsa?"

"Takhalani pansi kaye. Kwagwanji?"

"Achimwene awatsekera mu ofesi. Kwabwera anthu ofufuza za ziphuphu m'mamawa, atseka zitseko zonse. Aliyense wa ku mapulani akumufunsa payekhapayekha. Mafoni awalanda."

Amake mapasa anaika chitini chija pansi mosamala, ngati chingasweke. Amuna awo ankagwira ntchito ku ofesi ya mzinda yovomereza mapulani a nyumba. Munthu akabwera ndi pulani yake, iwo ndiwo ankailandira, kuidinda, kumupatsa mwiniwake kapepala, n'kuitumiza kwa akuluakulu. Anzawo ankangowatchula kuti Achidindo.

"Akufuna chiyani kwa bambo a mapasa?"

"Mafayilo, alamu. Akuti ukapereka pulani osaikapo kanthu, fayilo yako imasowa. Ukapita kukafunsa amati, tabweretsani kapepala kanu kaja tifufuzire. Kapepalako n'kusowanso. Koma ukangoikapo kenakake, m'mawa mwake fayilo yamera pa desiki ngati bowa. Ndiye akuwasaka mafayilo osowawo. Agwedeza makabati onse, sanapeze ndi imodzi yomwe."

"Bambo a mapasa sangachite zimenezo."

"Inenso ndatero! Achimwene aja oti akatola ndalama pamsewu amayamba kufunsa mwini wake? Koma si zokhazo. Kuyambira dzulo a mzinda akulemba mtanda wofiira pa nyumba iliyonse yomangidwa popanda chilolezo. Lachisanu kubwera chigalimoto chogumula. Wopulumuka ndi yekhayo amene aonetse pepala la chidindo, loti pulani anapereka koma sanayankhidwe. Ngakhale ya anzanu aja atelala ailemba. Ndaona ndi maso angawa, mtanda waukulu ngati chitseko."

Apa amake mapasa anafunafuna pokhala. Anasuntha makapu n'kukhala pamphepete pa mpando.

Atelala anali mayi wamasiye wa kumapeto kwa msewu wawo. Amuna awo anamwalira atasiya poloti ndi pulani ya nyumba yojambulidwa kale. Pulaniyo atelala anaipereka ku ofesi zaka zitatu zapitazo, ndipo chiperekereni yankho linali limodzi: fayilo sikupezeka, mubwerenso. Eni nyumba imene ankachita lendi atawatulutsa, anayamba kumanga choncho popanda chilolezo, njerwa lero, zenera mwezi wamawa, zonse zochokera pa makina osokera. Lachitatu lililonse masana amake mapasa ankapita kumeneko. Ankatseka chitseko awiriwiri, kugwada pa chiguduli pakati pa zidutswa za nsalu, n'kupempherera chilolezocho. Kamodzi kokha amake mapasa anawatchulira amuna awo nkhaniyi. Iwo anayankha mofatsa kuti zinthu za boma zili ndi ndondomeko yake, ndipo akangolowererapo anthu adzati akukondera. Amake mapasa anaona kuti n'zoona, ndipo anawalemekeza amuna awo chifukwa cha mawuwo.

Atelala sanawapemphepo kuti awayankhulire. Mayunifolomu a mapasa ankawafutukula chaka ndi chaka osalandira kanthu. Makolala a malaya a bambo a mapasa akaperepeseka, ankawatembenuza mwaluso mpaka malaya kuoneka ngati a m'sitolo.

"Ine ndikukaima pageti la ofesi," anatero mlamu uja akumanga mpango. "Inu khalani pompano, mwina angaimbe. Ndipo mupemphere, paja inu Mulungu amakumverani msanga kuposa ife a pakamwa."

Atatsala okha, amake mapasa anayesa kupemphera koma mawu anakana kubwera. Manja okha ndiwo ankafuna chogwira. Anabwerera ku kabati n'kuyamba kumatula pepala la shelefu yapamwamba.

Mapepala amenewo anawatenga m'katoni imene inkakhala pamwamba pa wodiropu kuchipinda. Amuna awo ankabwera nawo pang'onopang'ono m'chikwama cha kuntchito. Atafunsidwa anati ndi akale, oyenera kutayidwa, angowasiya pomwepo. Chaka chatha amake mapasa anasowa choyala m'kabati, ndipo anaganiza kuti chinthu choti chikatayidwe sichingadandaule kugona pansi pa mbale. Anasolola mapepala akuluakulu a pansi penipeni. Anali olimba bwino, otambalala. Anawadula ndi sizasi molingana ndi mashelefu, n'kuwayala mbali yoyera ili pamwamba. Kuti kuseri kwake kunali mizere ya nyumba ankadziwa, koma sanayang'anitsitse. Nanga munthu amawerenga pepala lokulungira zinyalala?

Tsopano pepalalo linatembenuka m'manja mwawo. Panali zipinda zojambulidwa ndi mizere yopyapyala, banga la mafuta litagwera pakati pa balaza. Pakona panali kachipinda kakang'ono kokhala ndi zenera lalikulu kuposa ena onse, ndipo mkati mwake munalembedwa kuti chipinda chosokera.

Zenera limenelo ankalidziwa. Atelala ankalitchula kawirikawiri, kuti malemu anauza wojambula kuti likhale lotambalala, loyang'ana kotulukira dzuwa, chifukwa maso a akazi awo anali atayamba kuvutika kulowetsa ulusi m'singano.

Anamatula pepala la shelefu yachiwiri. Linali denga. La shelefu yachitatu linamatirira ndi shuga wosungunuka, ndipo analikanganula pang'onopang'ono ndi nsonga ya mpeni. Pakona pake, pamene chitini cha shuga chinkakhala chaka chonse, panali dzina la malemu amuna awo a atelala, nambala ya poloti, ndi chidindo cha ofesi chokhala ndi tsiku la zaka zitatu zapitazo. Pansi pa chidindocho panali siginecha imene amake mapasa akanaizindikira ngakhale mu mdima. Inali yomweyo ya pa kalata yawo ya ukwati.

Anakhala pansi pa simenti, pakati pa mapoto. Anakumbukira Malachitatu onse aja. Ankachoka m'nyumba muno, atatenga kapu m'kabati momwemu n'kumwera madzi, kupita kukagwada ndi mnzawo kupempha Mulungu kuti aonetse kumene kuli fayilo. Pobwera ankatsuka mbale n'kuzisanja pamwamba pa nyumba ya mnzawoyo.

Atapeza mphamvu, anapita kuchipinda, anakwera pampando, n'kutsitsa katoni ija. Munali mafayilo odzaza mpaka kukamwa. Pa iliyonse panali kapepala kolandirira, komangidwa ndi pini, kaja eni ake ankauzidwa kuti abweretse. Maina ena anawadziwa: ometa tsitsi a pafupi ndi sitolo, aphunzitsi amene anaphunzitsa mapasa kuwerenga. Pansi penipeni panali chikuto chopanda mapepala, kapepala kake kali lende. Anakatembenuza. Kuseri kwake kunali zolemba za pensulo, m'malembedwe opendekeka a atelala, amene ankalemba miyeso pa pepala lililonse limene lili pafupi: mapasa, chiuno, msinkhu, mkono.

Sanalire. Anaika katoni ija pabedi, n'kubwerera kukhitchini ndi kapepalako. Zidutswa zitatu zija anazipukuta ndi kansalu kouma n'kuziyala patebulo. Mbale zinakhala pomwepo mpaka dzuwa kupendeka.

Amuna awo anafika cha m'ma fili koloko. Anavula nsapato pakhomo, monga ankachitira tsiku lililonse pofuna kusadetsa pamene akazi awo akolopa. Bamboyo anadutsa osayang'ana kukhitchini, kulunjika kuchipinda. Kunamveka zii. Kenako anatulukira atanyamula katoni ija, nkhope ili mbuu.

"Amayi, katoniyi waitsitsa ndani?"

"Ndine."

"Chabwino. Ndipatseni machesi. Atitulutsa, sanapeze kanthu, koma mawa akhoza kuyamba kuyenda m'makomo."

Ndipo anaona zimene zinali patebulo. Anayang'ana zidutswa zija, kenako kabati yotsegula, kenako akazi awo.

"Munayala m'kabati?"

"Munati ndi zotaya."

Bamboyo anaika katoni pansi. Anayesa kuseka koma sizinatheke.

"Mverani, amake mapasa. Zinthuzi simungazimvetse. Sindine ndekha. Pali akuluakulu pamwamba panga amene amafuna gawo lawo sabata iliyonse. Ukakana amakusamutsira kosungira matsache. Ine ntchito yanga inali kusunga chabe."

"Pulaniyi ndi ya atelala."

"Akanangoikapo kochepa! Aliyense amadziwa mmene zimayendera. Ine ndikanawachotserako, si alendo ayi."

Amake mapasa anawayang'ana amuna awo ngati munthu amene wagogoda pakhomo kufunsa njira. Malaya amene anavala anali oyera, ndipo kolala yake inali yotembenuzidwa ndi manja a atelala.

"Lachisanu awagumulira," anatero.

"Ndikudziwa. Zikazizira ndidzawathandiza. Tidzawagulira njerwa zina, malata, chilichonse. Koma pepala ilo likangotuluka m'nyumba muno, ine ndapita. Pali dzina langa pamenepo. Adzafunsa kumene lakhala zaka zitatu. Mukufuna mapasa azikandionera pa waya wa kundende?"

"Sindikufuna."

"Ndiye bweretsani kuno."

Amake mapasa sanasunthe. Apo bamboyo anakwiya, mkwiyo wa munthu wamantha.

"Musadziyese oyera, amayi! Sinki mukutsukiramo mbaleyo mumati inagwa kumwamba? Matailosi a kubafa? Chitseko cha kumaso chija? Malipiro anga mumawadziwa. Simunafunsepo ngakhale tsiku limodzi."

Mawuwo analowa ngati singano. Zinali zoona. Zinthuzo zinkabwera chimodzichimodzi pa galimoto za anthu osawadziwa, ndipo n'chifukwa chake m'nyumbamo munalibe zitseko ziwiri zofanana. Amuna awo ankati ndi anthu othokoza. Tsiku limene sinki inabwera, amake mapasa anaimirira m'tchalitchi, iwo amene sankaimirira, n'kupereka umboni wa mawu ochepa kuti Mulungu amakumbukira anthu ake. Atelala anali pambali pawo, ndipo anawafinya dzanja.

"Sindinafunse," anavomera. "Chimenecho n'changa."

Anapinda zidutswa zija mosamala, kapepala kaja pakati, n'kuziika m'thumba la nsalu limene ankatengeramo Baibulo. Amuna awo anaima pakhomo la khitchini, manja atatambasula kugwira mafelemu onse awiri.

"Amake mapasa. Zaka makumi awiri. Ndinayamba ndakumenyanipo? Ndinayamba ndakugonekani ndi njala?"

"Ayi, bambo. Mwandisunga bwino." Anakumbatira thumba lija pachifuwa. "Ndikadwala mumandiphikira. Sindidzaiwala. Koma nyumba ya mayi uja yagona pansi pa mbale zanga chaka chathunthu. Sindingaiotche. Ndipatseni njira."

Anayang'anana nthawi yaitali. Kenako dzanja limodzi la bamboyo linatsika lokha, ngati latopa. Amake mapasa anadutsa cham'mbali, phewa lawo likukhudza malaya oyera aja.

"M'katonimo mulinso nyumba za anthu," anatero ali pakhomo, osatembenuka.

Atafika pageti anacheuka. Amuna awo anali atakhala pa sitepe ya khonde, opanda nsapato, katoni ili pamiyendo, bokosi la machesi lili m'manja. Utsi kunalibe. Sanadikire kuti aone.

Msewu wa kwa atelala anali atauyenda kambirimbiri, koma tsiku limenelo unatalika. Mitanda yofiira inali pa nyumba ya ometa tsitsi, pa mpanda wa aphunzitsi, pa kagolosale ka pakona. Utoto unali utayenderera m'munsi. Anthu anali m'magulumagulu, kuyankhula motsitsa mawu, ndipo ena atawaona anasiya kuyankhula.

Kwa atelala kunali anthu. Amuna awiri oyandikana nawo anali padenga kuzula misomali, kuti malata okha apulumuke Lachisanu lisanafike. Mayi wina ankatulutsa mabokosi a nsalu. Zenera lalikulu lija anali atalichotsa kale, laimikidwa pamtengo, ndipo pakhoma panatsala chibowo. Atelala eni ake anali atatulutsa makina awo panja, pansi penipeni pa mtanda wofiira uja, akupalasa, kumalizitsa diresi la mwana wa munthu.

"Amake mapasa! Lero si Lachitatu," anatero akuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Kapena mwabwera kudzandithandiza kusamuka? Mwachedwa, zolemera zatha, kwatsala mapini."

Amake mapasa anayandikira. Anatsegula thumba lija n'kuika zidutswa zitatu pa thabwa la makina, kapepala pamwamba.

Phazi la atelala linaima. Anachotsa diresi lija, n'kuyala zidutswazo. Anazilumikiza m'mphepete ndi m'mphepete monga amalumikizira nsalu yodulidwa, mpaka khoma linakumana ndi khoma. Chala chawo chinayenda pa balaza, kudutsa banga la mafuta, n'kukaima pa kachipinda ka zenera lalikulu. Kenako chinatsikira pa dzina la malemu, n'kukhala pamenepo.

"Zinali kuti?" anafunsa chapansipansi.

"M'kabati mwanga. Ndinayala pansi pa mbale. Sindinkadziwa."

Atelala anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya nsalu yawo.

"Koma kudula mumatha," anatero. "Mzere wowongoka chonchi, ndikanakulembani ntchito." Anaseka pang'ono, misozi ikutsika. Kenako anakweza mutu. "Abale apadenga inu! Tayambani mwaleka kaye misomaliyo."

Nyundo zinaleka. Atelala anatsitsa mawu.

"Amake mapasa, mwaganiza bwino? Ndikakaonetsa izi adzandifunsa kumene ndazipeza. Ine kunama sinditha."

"Mukanene. Akafuna, ndidzapita nanu."

"Nanga bambo?"

"Akudziwa kuti ndabwera kuno." Anawerama pafupi ndi makina. "Atelala, pali chinthu choti mudziwe. Fayilo yanu sinasowe yokha. Amene anaibisa..."

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa?"

"Ndakhala ndikudziwa kuyambira chaka choyamba," anatero atelala, akusalaza pepala lija ndi chikhatho. "Anandiuza okha, pakhonde la ofesi, mwaulemu ndithu. Anati, amayi, fayilo ilibe miyendo, imafuna woinyamula. Ananditchulira ndi mtengo wake. Ine ndinati malemu sanandisiyire ndalama yogulira chinthu chimene ndi changa kale. Kumene anaiika kokha n'kumene sindinkadziwa."

"Chaka choyamba? Ndiye makolala aja? Mayunifolomu a ana?"

"Ana analakwanji? Ndipo malayawo mumachapa ndinu, mumabweretsa ndinu."

"Bwanji osandiuza? Zaka zitatu ndikugwada nanu, kupempha kuti Mulungu aonetse munthu wake, inu mukudziwa kuti ndikuchokera m'nyumba mwake!"

"Ndikanakuuzani mukanabweranso?" Atelala anawayang'ana m'maso. "Chimwalirireni bambo, amene amagogoda pakhomo panga osanyamula nsalu yosoketsa ndinu nokha. Ndinaona kuti nyumba ndikhoza kumanga ina. Ndiye inu mukamapempherera fayilo, ine ndinkapempherera inu, kuti tsiku lodziwa likadzafika lisadzakuthyoleni."

Amake mapasa anamva ngati nthaka yapendekeka. Anakumbukira dzanja lija limene linawafinya m'tchalitchi tsiku la umboni wa sinki. Anayang'ana chibowo cha zenera, malata ozulidwa theka, anthu amene tsopano anali atasonkhana kumpanda, ometa tsitsi ali pakati pawo, lumo likadali m'thumba la malaya.

Anagwada pafumbi pomwepo, patsogolo pa makina. Atelala anayesa kuwadzutsa koma iwo anakana. Ndipo mayi amene pemphero lake linkamveka kwa woyandikana naye yekha anatsegula pakamwa, mawu ake n'kumveka mpaka kwa amuna a padenga ndi kwa anthu a kumsewu.

"Atelala, ndikhululukireni! Ndadyera pa nyumba yanu, ndatsukira m'sinki ya misozi ya anthu, osafunsa. Inu ometa, inu aphunzitsi, nonse a mitanda yofiira, mapepala anu anali m'chipinda changa, ine ndikuwapukuta fumbi. Ndikhululukireni, abale anga. Ndikhululukireni."